Makiyi a Nyumba ya Eliodoro

Ndimatsegula naini koloko,
ngakhale mwini nyumba sankadzuka dzuwa lisanafike paliwombo.
Makiyi alipo khumi ndi anayi.
Mmodzi mpaka lero sitidziwa chimene amatsegula.

Nyumbayi inakakamira phiri la Valparaíso ngati nkhupakupa.
Kumunsiku sitima zikulira padoko,
mphepo yamchere imanyambita mafelemu usiku wonse.
Ine Herminia Oyarzún, amene ndinatsuka maburashi ake
zaka makumi awiri ndi zitatu,
lero pachitseko panga analembapo kuti Mkulu wa Bungwe.

Lolemba ndi tsiku la msonkhano.
Loya akufuna tisindikize mbalame zake pamakapu.
Mwana wake wa ku Santiago akufuna gawo lake.
A ku unduna akufuna malisiti.
Ine ndikufuna malata asanu ndi atatu,
poti denga likudontha pamwamba penipeni pa chithunzi cha asodzi
ndipo ndowa yadzadza kawiri.
Palibe amene watchula utoto wobiriwira uja
ankausakaniza ndi phulusa la ndudu.

Ana asukulu amabwera Lachitatu.
Ndimawaonetsa jekete lake pamsomali,
n'kuwauza kuti anali munthu wokonda anthu.
M'kamwa mumawawa pang'ono.
Makalata amene ankatukwaniramo mkazi wake
ali m'bokosi pansi pa masitepe,
ndipo mtsikana wa ku yunivesite wawapempha kachitatu.
Wakufa sayankha mlandu, woyankha ndine.
Fumbi ndimapukuta, inde.
Nanga mbiri ya munthu ndiipukute mpaka pati?

Dzana kunabwera mayi wogulitsa nsomba, dzina lake Clorinda,
atakulunga thabwa m'nsalu ya patebulo.
Akuti malemu anamupatsa m'malo mwa ngongole.
Siginecha palibe.
Akufuna kugulitsa, bambo akunyumba ali m'chipatala.
Akatswiri awiri, magolovesi oyera, katochi kabuluu,
anasuzumira, ananunkhiza, anapukusa mitu:
bwatoli ndi lake ndithu,
koma thamboli ndi dzanja lina.

Ndinangoti duu.
Thambo limenelo ndimalidziwa.
Zaka zake zomaliza dzanja linkanjenjemera
moti supuni inkafika kukamwa ilibe kanthu.
Ankakhala pampando paja, bulangete m'miyendo, n'kumakalipa:
Kumanzere, Herminia! Tsitsa mtambowo!
Wachulutsa zoyera, chitsiru iwe!
Ine ndikupaka.
Zithunzi khumi ndi zisanu ndi ziwiri, thambo lake langa.
Ziwiri zili ku Madrid kuseri kwa galasi, mlonda ali chilili,
ndipo ophunzira analemba kuti ukalamba unamufewetsa mtima.

Chidindo chimakhala m'dilowa yanga.
Ndikachimenya, thabwa ligula nyumba.
Ndikachisiya, thabwa ndi nkhuni.
Clorinda anaima pakhomo, mamba a nsomba akunyezimira pamkono,
osapempha, osadandaula, kungodikira
monga amadikirira kasitomala wowerenga makobidi.

Ndinamenya.
Inki inatayikira pang'ono m'mbali.
Ntchito ya Eliodoro Mardones, linatero pepala,
ndipo ndinasaina m'munsi mwake.
Aka kanali koyamba dzina langa
kuyandikana chotere ndi thambo langa.
Akatswiri anavula magolovesi osanena kanthu.
Mmodzi anaiwala ambulera.

Kodi ndanama?
Iye ndiye ankaona, ine ndinali dzanja chabe,
ndimadziuza choncho potsika masitepe.
Pokwera ndimadziuza zina.

Madzulo ndimazimitsa magetsi chipinda ndi chipinda,
chake chogwiriramo ntchito pomalizira,
mmene fungo la mafuta a utoto likukana kusamuka.
Ndayesanso kiyi uja pakabati ya m'khonde. Wakana.
Chikepe chotsikira kudoko chatsala ulendo umodzi,
woyendetsa wake sadikira munthu.
Ndowa ndakhuthula.
Wailesi yati mvula ibweranso mawa,
ndipo kalata ya malata aja
sindinaiyambebe.